Achotsa Chitseko M'nyimbo Yanu, Ababa

OZELL TARVER
Anabadwa pa 9 Malichi 1938, anatisiya pa 14 Okutobala 2004

Ababa, lero zakwana zaka makumi awiri chichokereni inu. Ife takhala tikuziwerenga chimodzichimodzi pa tebulo lomwe lija la kukhitchini, muno mu Memphis. Akampani aja a ku Los Angeles nawonso akhala akuwerenga, koma iwo amawerenga ndi zimbale. M'zaka makumi awiri atulutsa khumi ndi chimodzi, zonse za nyimbo zanu zotchuka. China anachitcha Zagolide, china Zosaiwalika, china Zachikondi, china Zabwino Koposa, ndipo patangotha zaka ziwiri kunabwera Zabwino Koposa Zenizeni, ngati kuti poyamba paja anatinamiza. Nyimbo zake n'zomwe zija khumi ndi zinayi. Amangozisinthanitsa malo, yoyamba kuiika pakati, yapakati kuiponya kumapeto, n'kusintha mtundu wa chikuto. Munajambula nyimbo zoposa mazana awiri, koma dziko likukudziwani ndi khumi ndi zinayi basi.

Chithunzi chili pamwambapa si chimene amachikonda iwo. Iwo amakonda chija muli mu suti yoyera, maso mutatsinzina, dzanja pamtima. Suti imeneyo munkadana nayo, munkati imakuonetsani ngati woperekera zakudya pa ukwati wa anthu olemera. Ife taika ichi cha kuseri kwa nyumba, muli m'malaya amkati, mukuwotcha nthiti za nkhumba, mwatukula foloko kuopseza munthu wina amene amafuna kutsegula chivundikiro utsi usanagwire nyama. Amenewo ndiye Ababa amene ife tinawadziwa, pa masiku amene munali pakhomo.

Ndikulemba ndine Rozetta, mwana wanu woyamba. Mwambo wa tsamba ngati lino ngwakuti tilembe mawu ochepa okoma n'kusainira m'munsi, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikutero. Chaka chino ndalephera. Ndili ndi uthenga wanu wochokera kwa Amayi, ndipo kuti muumvetse ndiyenera kuyambira patali.

Tikukumbuka zabwino zanu, musaganize kuti taziiwala. Kuseka kwanu kunkayambira m'mimba, n'kukukhotetsani mpaka mugwire mpando. Munkaimba nyimbo za kutchalitchi pometa ndevu, mawu ake mukusintha dala kuti Amayi akukalipireni. Munkatiuza kuti munthu woimba asamadye nsomba yaminga pamaso pa anthu, ndiponso kuti tisamakhulupirire munthu woyamikira nyimbo isanathe. Koma munalinso munthu wotuma, Ababa, ndipo lero ndinena. Tsiku limene ndinatsiriza sukulu munatuma amalume a Hosea, woimba ng'oma wanu, ndi maluwa. Tsiku la ubatizo wa Darnell munatuma dalaivala ndi wotchi yoti siikanakwana n'komwe pamkono wa mwana. Darnell yemweyo akubadwa inu munali ku Chicago, ndiye munatuma oimba malipenga atatu kuti akaimbe pansi pa zenera la chipatala. Mzinda wonse unkasimba nkhani imeneyo ngati chikondi chosaoneka n'kale. Amayi ankangoti, “Malipenga sagwira munthu dzanja.”

Panali tsiku limodzi lokha limene Amayi ankalisunga ngati lawolawo. Munali mu Febuluwale 1969, tsiku limene munajambula “Mvula ya Lachiwiri.” Masiku amenewo munkajambula nonse pamodzi, anthu khumi ndi awiri m'chipinda chimodzi, nyimbo kuyamba mpaka kutha osaima. Wina akatsokomola, chifuwacho chinkakhala momwemo. Munkati chimene chalowa m'chipinda chalowa m'nyimbo, ndipo munkakana kubwereza nyimbo imene yatuluka ndi moyo chifukwa cha mpando umene walira. Tsikulo nyimbo inayenera kutha pa mphindi zitatu, koma anyamata anu anakana kuima ndipo munapitirira kufika pafupifupi zisanu ndi imodzi. Pa mphindi yachisanu chitseko chinalira. Anali Amayi, atayenda kuchokera pokwerera basi mvula ikuwakhuthukira, atanyamula mbale ya mlamba wokazinga ndi buledi wa chimanga, ataiphimba ndi chipewa chawo. Inu munatembenuka kusiya maikolofoni, oimba akupitirirabe, n'kunena motsitsa kuti, “Lowa, Verlene, wanyowa.” Munaseka. Chapatali kunamveka kamawu kakuti, “Ndafika, Bambo Tarver.” Kenako munabwerera m'nyimbo ndi mawu amene amalume a Hosea amati sanawamvenso kwa munthu wina aliyense.

Dziko silinamve zimenezo. Akampani anadula nyimboyo pa mphindi zitatu kuti ikwane pa wailesi, mawu n'kumazilala pang'onopang'ono Amayi asanafike n'komwe pakhomo. Zimbale zonse khumi zimene zinatuluka inu mutapita zinatenga yoduladula yomweyo. Tepi ya nyimbo yonse munabwera nayo kunyumba m'kati mwa jekete, osapempha munthu, pamodzi ndi chimbale chimodzi choyeserera chimene anakudindirani tsiku lomwelo, cha mtundu wofewa uja umene singano imaudya nthawi iliyonse ukaimbidwa. Tepi inakhala pamwamba pa kabati ya zovala. Chimbalecho Amayi ankachitulutsa kamodzi pa chaka.

Ababa, Amayi anayamba kuiwala zaka zisanu zapitazo. Poyamba anali makiyi, kenako mayina a adzukulu, kenako njira ya kutchalitchi kumene apemphera zaka makumi asanu ndi limodzi. Ine amanditcha Ida Mae, dzina la mkulu wawo amene tinamuika kalekale. Ndipo anayamba kukana chakudya. Ndikawaikira mbale ankaigwira ndi manja awiri, kuikumbatira pachifuwa, n'kunena kuti, “Chakudyachi n'cha abambo. Ndikudikira anditsegulire.” Zinanditengera milungu iwiri kuti ndizindikire kuti m'mutu mwawo ali panja pa chitseko chija, mvula ikuwagwa. Nditatulutsa chimbale chija n'kuchiika, anamvetsera mpaka mphindi yachisanu. Chitseko chinalira, inu munalankhula, iwo anayankha kuti, “Ndafika, Bambo Tarver,” n'kutsitsa mbale, n'kudya yonse. Kuyambira pamenepo tinkatero tsiku lililonse nthawi ya folo koloko masana.

Chimbale chopangidwira kuimbidwa kangapo chinaimbidwa zaka zitatu tsiku ndi tsiku. Chinayamba kulira ngati mafuta m'chiwaya, mawu anu akumira pansi pake. Mwana wa Darnell, Tamika, atabwera ndi nzeru yoti tijambule pa foni, tinali titachedwa kale, foni inangogwira kukazinga kokhako. Pofika Khirisimasi yathayi Amayi ankachita kugunditsa khutu pa sipika, ndipo masiku ena sankakumvani n'komwe. Tinatsala ndi tepi ya pa kabati. Amalume a Hosea, amene tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi, anaitenga, kuinunkhiza, kuitembenuza. Anati tepi yokalamba chonchi imamatirira, amayamba aifunditsa mu uvuni wapadera, ndipo ikatero mwina n'kuimba kamodzi kokha isanasupuke. “Mwanawe,” anandiuza, “tepi iyi yatsala ndi ulendo umodzi. Usaikweze basi ya anthu osawadziwa.”

Mu Januwale kunabwera mayi wa kukampani, wa mawu ofatsa, nsapato zokongola. Anakhala pa mpando wanu, anadya chitumbuwa changa cha mapichesi, anayang'ana chithunzi chanu mpaka misozi inalengeza. Anati pokumbukira zaka makumi awiri akufuna kutulutsa chimbale choposa zonse, ndipo amva kuti tikusunga “Mvula ya Lachiwiri” yosadula. Anati ali ndi uvuni, ali ndi makina, ali ndi akatswiri. Darnell anandiitanira kukhitchini.

“Achemwali, anthu awa akhala akuwagulitsa Ababa ngati nyama ya m'chitini zaka zonsezi. Lero mukufuna muwapatsenso fupa?”

“Iwe sukhala nawo Amayi,” ndinamuyankha. “Si iwe umawachonderera ndi sipuni m'manja. Uli ndi uvuni wake iwe?”

Analibe. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, Ababa, ndipo womva m'mimba ndinali ine. Ndinakwera pa mpando, ndinatsitsa tepi, ndinaipereka ndi manja angawa. Pomuperekeza mayiyo ku galimoto ndinawonjezanso kuti, “Muikonze imveke bwino, amayi anga makutu afooka.” Za chitseko sindinamuuze. Inali nkhani ya m'nyumba mwathu, sindinafune kuti aisindikize pa chikuto, ndiponso ndinkaganiza kuti munthu aliyense wokhala ndi makutu akamva mwamuna akulowetsa mkazi wake adziwa chimene wamva. Kulakwa kumeneko n'kwanga ndipo sindikukankhira wina.

Chimbale chakhumi ndi chimodzi chinafika kumayambiriro kwa Seputembala, m'bokosi la mtundu wa golide, inu muli mu suti yoyera ija. Pachikuto analemba kuti kwa nthawi yoyamba nyimbo yonse, yoyera ngati munaijambula dzulo. Tinasonkhana Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Amalume a Hosea anavala tayi. Ine ndinakazinga mlamba, Amayi ndinawaveka diresi yawo yabuluu. Folo koloko itakwana Tamika anaika nyimbo, ndipo ndivomere kuti poyamba ndinasangalala, chifukwa mawu anu anadzaza nyumba ngati mwaima pabalaza. Mphindi yachitatu inadutsa nyimbo osazilala. Yachinayi inadutsa. Amayi anadzutsa mutu, mbale ili pachifuwa.

Panalibe chitseko. Panalibe “Lowa, Verlene.” Panalibe kuseka kwanu, ngakhale kamawu ka Amayi kaja. Malipenga ndi ng'oma zinangodutsa pamalopo bwinobwino, kenako inu n'kubwerera m'nyimbo ndi chimwemwe chosadziwika kumene chachokera. Amayi anadikira mpaka nyimbo inatha. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Ida Mae, sananditsegulire. Kodi ndawalakwira chiyani?”

Amalume a Hosea anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. “Achotsanso kulira kwa chopondera cha ng'oma yanga,” anatero. “Achotsa mpweya wa anyamata a malipenga. Nyimboyi aisambitsa ngati maliro.”

M'mawa mwake ndinaimba foni, ndipo anandidutsitsa kwa anthu anayi ndisanafike kwa katswiri amene anagwira ntchitoyo. Anali wonyadira, Ababa. Anati pa mphindi yachisanu panali chisokonezo, munthu wina analowa m'chipinda n'kuyamba kulankhula, ndipo zinamutengera masiku atatu kuti achichotse popanda kuwononga malipenga. Ndinamuuza kuti munthu winayo ndi amayi anga. Anati pepani, afufuza ngati zimene anakopera poyamba zikadalipo. Ndalemba makalata atatu. Akufufuzabe. Tepi anaibweza m'bokosi lake, itasupuka, fumbi lofiirira lili pansi. Pamodzi nayo anatitumizira zimbale zisanu zaulere ndi malaya awiri okhala ndi nkhope yanu. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amalume a Hosea sanandikumbutse ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akanandikalipira.

Tinayesa kubwerera ku chimbale chakale chija, koma munalibenso munthu. Masiku asanu ndi anayi Amayi anakhala ndi madzi ndi masipuni awiri atatu a phala. Mphete yanu inayamba kuvuka yokha pachala, ndinachita kuikulunga ulusi. Adokotala anayamba kukamba zowaika chubu chodyetsera. Tsiku lililonse folo koloko ankakumbatira mbale n'kuyang'ana kuchitseko, ndipo ine ndinkaima kukhitchini kukutukwanani mumtima, inu ndi akampani ndi ine ndemwe. Ndinkati munthu uyu ali moyo sankapezeka pakhomo, lero akamufuna kwa kamphindi kamodzi kokha, sakupezekanso.

Mukudziwa kuti Darnell anatenga mawu anu. Mukudziwanso, kapena simunafune kudziwa, kuti amadana nawo. Anasiya kwaya ali ndi zaka khumi ndi zisanu chifukwa akangotsegula pakamwa azimayi a mu tchalitchi ankatsinzina n'kumatchula dzina lanu. Wayendetsa mabasi a mumzinda zaka makumi atatu, ndipo wokwera akamuuza kuti amalankhula ngati Ozell Tarver amayankha kuti sakumudziwa. Pa maliro anu sanalankhule. Tsopano ndi bambo wa imvi, wazaka makumi asanu kudza zisanu ndi zitatu, woposa msinkhu umene munali nawo pamene munkamutumizira mawotchi.

Tsiku lakhumi Amayi asakudya, Darnell anafika ndi amalume a Hosea. Anayenda m'nyumba monse kutsegula zitseko chimodzichimodzi, mkuluyo akumvetsera, mpaka anafika pa cha kachipinda kosungiramo zakudya. “Ichi chikulira ngati chija,” anatero amalume. “Usadzachithire mafuta.” Tinaika nyimbo yoyera ija, amalume anakhala pafupi ndi Amayi n'kumawerenga kagundidwe ka nyimbo ndi zala pabondo, monga ankachitira kumbuyo kwanu. Darnell analowa m'kachipindako.

“Achemwali, musandiyang'ane,” anatero. “Mukandiyang'ana ndituluka.”

Mphindi yachisanu itafika amalume anagwedeza mutu. Chitseko chinalira. Ndipo munalankhula, Ababa, kuchokera pakati pa zitini za nyemba ndi matumba a ufa. “Lowa, Verlene, wanyowa.” Kuseka kunamuvuta, kunatuluka kosweka, koma kunatuluka. Amayi anamwetulira n'kunena kuti, “Ndafika, Bambo Tarver,” ndipo anadya nsomba yonse, kupempha ndi buledi wina. Darnell anatuluka osatsanzika munthu, anakakhala m'galimoto mwake ola lathunthu injini osailiza.

Kuyambira tsikulo wakhala akubwera osaphonya. Amafika folo isanakwane, amavula chipewa, amalowa m'kachipinda kaja, amanena mawu anu. Mwana amene munkamutumizira anthu, lero ndiye wotumidwa wanu. Sindikudziwa ngati mukumuona, koma ngati mukumuona muchite manyazi pang'ono.

Lachinayi lapitali zinayenda monga mwa masiku onse. Chitseko chinalira, Amayi anayankha, anayamba kudya. Ali pakati anachotsa kamunga pakamwa, kukaika m'mphepete mwa mbale, ndipo osatembenuka n'komwe anaitana kuti, “Darnell.” Zaka ziwiri zinali zitadutsa asanatchule dzina limenelo. Anatuluka m'kachipinda muja ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

“Ndili pano, Amayi.”

“Wayesetsa, mwana wanga. Kuseka kokha ndiye sukutha, bambo ako amayambira m'mimba.” Anatafuna pang'ono. “Koma ukawauze kuti ndatopa nawo anthu otumidwa. Abwere okha.”

Darnell anagwada n'kuika mutu pa miyendo yawo, iwo n'kumamusisita ndi dzanja la mafuta a nsomba. Patapita kanthawi anandifunsa ine kuti, “Ida Mae, bambo awa ndi a kuti?”

Ndiye uthenga ndi umenewo, Ababa. Darnell anati iye sangathe kuupereka, ndiupereke ine, ndipo keyala ina yanu sindikuidziwa koma tsamba lino. Iye akubwerabe tsiku lililonse. Amayi akudya, koma theka lokha, ndipo akatsitsa mbale amayang'anabe kuchitseko. Adokotala akuti tisayembekezere miyezi yambiri.

Sabata ino wailesi zonse za mu Memphis zikuimba “Mvula ya Lachiwiri” yoyera ija. Anthu akuimba mafoni kunena kuti pa mphindi yachisanu mawu anu amawaliritsa, ndipo akufunsana kuti chinakusangalatsani chotere n'chiyani. Ena akuti unali Mzimu Woyera. Ife timangozimitsa wailesi. Akampani atilembera kuti chimbale chalandiridwa bwino, ndipo ayamba kale kuganizira za chikumbutso cha zaka makumi awiri ndi zisanu. Afunsa ngati pa kabati patsala china.

Akukulirani mkazi wanu Verlene, ine Rozetta, mwana wanu Darnell ngakhale sangavomere, adzukulu anu Tamika, Lionel ndi Corinne, ndi mnzanu Hosea Gant, amene watsala yekha mwa anthu khumi ndi awiri a m'chipinda chija.

Tikudziwa kuti kubwera simungabwere. Amayi ndi amene ali m'njira, ndi mbale yawo pachifuwa, ndipo ulendo watsala pang'ono. Chimene tikupempha n'chimodzi. Mukadzamva chitseko chikulira, musadzatume mngelo, musadzatume malipenga. Mudzasiye nyimbo, mudzatembenuke, mudzawalowetse nokha.

Sitidzakuiwalani, Ababa. Ngakhale amene aiwala zonse, inu sanakuiwaleni.